Ndinati Sindinakomokepo

Munthu asanapatsidwe laisensi yoyendetsera ndege zonyamula anthu, amayamba wapimidwa ndi dokotala. Tsiku langa litafika, adokotala anandifunsa, "Kodi munakomokapo?"

"Ayi," ndinayankha, ndikumwetulira ngati mwana wa kwaya.

Chonsecho ndinagwapo pamsika wa Lizulu, thumba la mbatatesi lili pamutu, mpaka mayi anga anachita kundithira madzi. Iwo ankati inali njala chabe, ndipo ine ndinasankha kuwakhulupirira.

Laisensi ndinaipeza. Mwezi watha ndinapita kukawaona mayiwo nditavala yunifolomu, kuti anthu andione. Ndikutsika minibasi pa Ntcheu Boma, m'maso munayambanso kuda. Ndinagwiritsa chitseko.

"Bwana, muli bwinobwino?" anafunsa kondakitala.

"Kutopa basi," ndinatero.

Sindinauze aliyense. Lolemba likubwerali ndili ndi ulendo, ndipo ndege yomwe ndikayendetse yadzaza kale.