Phewa la Oddvar Linali pa Naini

Tsiku limene Oddvar analephera kuvala yekha jekete, anakhala pansi pakhomo n'kulira. Bambo ameneyu anapenta nyumba zambiri m'tauni yathu kuno kumpoto kwa Norway, koma tsopano mkono wake wamanja sunkakwera kupitirira pachifuwa. Phewa linali litauma gwa! Makasitomala anayamba kuitana ena, ndipo ntchito yokhayo imene ankaidziwa inali kumupulumuka m'manja.

Theka la vutoli linali pakamwa pake. Ife anthu akuno kudandaula timakuona ngati manyazi. Munthu athyoke mwendo poterereka pa chipale chofewa, ukamufunsa amati zili bwino. Ndiye dokotala akafunsa kuti ululu uli pati, kuyambira ziro mpaka teni, Oddvar ankayankha kuti fili. Ankapatsidwa mapiritsi n'kuuzidwa kuti aziwongola phewalo kunyumba. Akayesa, ululu unkamubweza, phewa n'kumaumirabe.

Mkazi wake, Gunvor, zinamukwana. Ulendo wotsatira anapita naye limodzi, ndipo atangomva fili uja analowererapo.

"Fili wa chiyani iwe? Munthu woti ndimakuveka malaya ngati khanda? Ukusungira ndani manambala enawo?"

Oddvar anayang'ana pansi. "Naini," anatero motsitsa mawu.

Paja mwana wosalira amafera m'mbereko. Liwu limodzi limenelo linamutumiza kuchipatala cha anthu a ululu wosatha. Kumeneko dokotala wina wamkazi anaunika ndi makina, napeza mtsempha umene umanyamula ululu wa phewa, n'kubaya mankhwala ochititsa dzanzi pafupi nawo. Pasanapite nthawi Oddvar anagwira khutu lake ndi dzanja lamanja. Anaseka ngati mwana, n'kufunsa ngati mawa angakwere makwerero.

"Oddvar, jakisoniyu sachiritsa phewa," anatero dokotalayo. "Wangoutseka pakamwa mtsempha kwa kanthawi. Mukaithera nthawiyi pa penti, mudzabwera pano muli chimodzimodzi. Muithere pa kuwongola."

Zinamuwawa mtima, poti ntchito zinali kupita kwa ena iye akuona. Komabe anamvera. M'mawa uliwonse ankaima pakhoma la kukhitchini n'kumakweza zala pang'onopang'ono, Gunvor akumuseka kuti khomalo alipenta ndi thukuta. Nyengo yonse yamdima, miyezi yozizira imene dzuwa silituluka kuno, anachita zimenezi, ngakhale masiku amene zala zinkakana kusuntha.

Dzanzi litatha, ululu unabwerera, ngakhale sunafike poyamba paja. Sanabise. Anapita kukanena mmene zinalili, anamubayanso, iye n'kupitiriza. Si onse amene jakisoniyu amawathandiza mofanana, koma kwa iye anatsegula mpata, ndipo mpatawo sanauseweretse.

Chipale chitasungunuka, anthu ankafuna wopenta denga la m'kati mwa holo yathu ya misonkhano. Aliyense wopenta akudziwa kuti denga ndiye limayesa phewa. Oddvar anaipempha ntchitoyo. Ine ndinalipo tsiku limene anamaliza, ndipo sindichita manyazi kunena kuti misozi inalengeza nditamuona ali pamwamba, mkono uli chilili pamutu pake, akukangana ndi Gunvor za mtundu wa penti.

Inu amene mukuwerenga, ngati pali chimene chikukupwetekani, chitchuleni mmene chilili. Thandizo likabwera, mbali yanu muigwire ndi manja awiri. Osafa ndi "zili bwino," ndipo mtima musautaye.