Moni Amene Ndinadzitumizira

Amuna anga, Atate ake Tisa, ndi asikauti oteteza nyama, ndipo amatha masabata ali m'tchire. Akazi anzanga kuno ku Kakumbi amalandira moni pa wailesi Lamulungu lililonse, koma dzina langa linali lisanamvekepo. Nsanje inandipweteka.

Tsiku lina ndinabwereka foni ya mng'ono wanga, n'kulemba ndekha uthenga wopita ku wailesi: "Kwa Amake Tisa, duwa la mtima wanga, kuchokera kwa amuna anu." Muulutsi anawerenga kawiri, n'kuikapo nyimbo yachikondi. Kumjigo ananditamanda, ine n'kumanamizira manyazi.

Ndinaiwala kuti kukampu nakonso kuli wailesi.

Amuna anga atabwera Lachisanu, anakhala pakhonde n'kumavula nsapato.

"Amake Tisa, anzanga onse akunditcha Bambo Duwa. Kodi ndinalemba liti? Kuja kulibe netiweki."

Ndinaulula maso ali pansi, mpeni wa kabichi ukadali m'manja. Anaseka mpaka kutsokomola.

Patapita milungu iwiri, muulutsi anawerenga uthenga wina: "Amake Tisa, mwaswera bwanji? Ndakwera chulu kuti uthengawu upite. Ndine ndemwe."

Munalibe duwa, koma ndinalira.