Mchere m'dimba la eni nyumba

Nditangofika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Mulanje, ndinapeza kanyumba ka kuseri ku Geisha. Eni ake anali mayi amasiye okonda dimba lawo la mpiru kuposa anthu. Mwana wa achimwene awo ankakafunanso kanyumbako, ndipo mayiwo sankabisa mawu: ndikangolakwa kamodzi, ndituluka.

Tsiku lina akupita kumaliro ku Rumphi anandiitana. "Adada, nkhono zikundithera mpiru. Muzizitola m'mawa uliwonse n'kukazitaya kutali."

Ine kutola nkhono ndi manja? Munthu woti bayoloje ndinakhoza bwinobwino ku Fomu 4? Ndinakumbukira aphunzitsi athu akujambula selo pabolodi. Ankati kakhungu kopyapyala kamene kamakuta selo kamalola madzi kudutsa, ndipo madziwo amathamangira mbali imene kuli mchere wambiri. Ndiye nkhono ukaithira mchere, madzi amatuluka m'thupi mwake, basi yatha. Zimenezi ndinafotokozera aneba awiri amene sanandifunse n'komwe, kenako ndinagula mapaketi atatu a mchere n'kuwaza dimba lonse. Ndinathiriranso kuti ulowerere.

Nkhono zinachita thovu n'kufa. Tsiku limenelo ndinayenda chifuwa patsogolo.

M'mawa mwake mpiru wonse unali utagona pansi ngati wofutsa. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti mizu nayonso ili ndi maselo, ndipo mchere sufunsa kuti iwe ndiwe nkhono kapena ndiwo. Ndinathamangira kumsika, ndinagula mpiru wodzaza jumbo, n'kuzika tsamba limodzilimodzi m'dothi lamchere lomwelo. Ukaima patali, dimbalo linkaoneka ndithu, koma kwa maola awiri okha.

Mayi aja anafika masana omwewo. Anazula tsamba limodzi, analiyang'ana kunsi: mizu palibe, pali podula ndi mpeni. Anatapa dothi ndi chala n'kulawa. Ine ndinayamba kufotokoza za kakhungu ka selo, manja akuthandizira pakamwa, ndipo anandimvetsera mpaka ndinatha mawu.

"Yewo chomene, asayansi," anatero, kundithokoza m'Chitumbuka. "Mwezi ukatha, makiyi musiye pawindo."

Tsiku losamukira ku Mzilawaingwe, matilesi anga atamangidwa kale pa njinga ya kabaza, ndinacheuka kuti nditsanzike. Pageti panali nkhono yonenepa ikulowa mumpanda mosafulumira, nyumba yake ili kumsana. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe.