Mchere Umene Pius Sakala Anathira

Pa 14 June 1941, Felistus Njobvu anatsika sitima pa Nkana atasenza mtolo wa zovala ndi mphasa. Anali ndi zaka 19, wochokera kwa Kawaza m'boma la Fort Jameson, ndipo anabwera kudzakhala ndi mwamuna wake, Pius Sakala, amene ankafoshola miyala pansi pa mgodi wa Mindolo. M'komboni anali ndi nyumba ya chipinda chimodzi. Kuseri kwake Felistus anadzala maungu, ndipo Lamlungu ankaimba m'kwaya ya Akatolika. Oyandikana naye amamukumbukira kuti anali wosalankhulalankhula.

Mwana wawo, Josephine, anabadwa mu 1943. Mwanayo atayamba kukwawa, tsiku lina Felistus akusamba anamva kanthu kolimba m'bere lakumanzere, kukula kwake ngati nzama. Sikankapweteka. Anakakankha ndi chala, koma sikanasunthe.

Sanauze munthu aliyense, ndipo chifukwa chake chiyenera kufotokozedwa. Kwa anthu akwawo, mayi woyamwitsa akatupa m'thupi, funso loyamba silinali la matenda koma la mwamuna wake: wagona ndi yani? Ankati ndi mdulo, nthenda yogwira mkazi kapena mwana chifukwa cha chigololo cha bambo. Kuonetsa bere lija kunali chimodzimodzi kuimba Pius mlandu pagulu, ndipo Felistus analibe chomudandaulira mwamuna wake. Anakhala chete, akuyembekeza kuti ndi mkaka wogwirana, usungunuka wokha.

Dzinja linafika n'kutha. Kanthu kaja kanakula ngati dzira la nkhuku, nsonga ya bere inalowa m'kati, mwana n'kuyamba kukana mbali imeneyo. Amene anazindikira zimenezi ndi mayi Philomena, mkazi wachikulire wakwawo amene anamuthandiza pobereka. Awiriwo anali pa mpopi, akuchapa.

"Iwe make Josephine, mwanayu ukumuyamwitsa mbali imodzi yokha. Bere linalo ukusungira yani?"

"Silikutulutsa bwino, amayi."

"Tabwera kuseri kuno, ndione."

Mayi Philomena atagwira chotupacho, sanasekenso. Loweruka masana nkhani inali pakhomo pa a Ackson, mkulu amene ankaweruza milandu ya Achewa m'kombonimo.

"A Sakala, mkazi wanu mwamudula," anatero a Ackson. "Nenani, tim'patse mankhwala."

"Ine ndimachoka pansi pa mgodi n'kubwera kunyumba, bambo. Funsani aliyense. Bwanji tingopita naye kuchipatala?"

"Dokotala wachizungu sadziwa mdulo," anayankha mayi Philomena. "Akaona chotupa amangotenga mpeni. Mukufuna mwana wa eni ake abwerere kwawo ali ndi bere limodzi?"

Felistus nayenso ankaopa mpeniwo kuposa chotupacho. Tsono mankhwala a mdulo ali ndi lamulo lake: sagwira ntchito pokhapokha wolakwayo atavomera pamaso pa akuluakulu ndi kuthiramo mchere ndi dzanja lake. Pius anakana kwa nthawi yaitali. M'nthawi imeneyo mkazi wake anaonda, ndipo mkono wakumanzere unayamba kumulemera moti sankathanso kubereka mwana kumbuyo popanda womuthandiza. Azimayi a pa mpopi anasiya kuyankha moni wa Pius.

Pomalizira pake Pius anapita yekha kwa a Ackson nati, "Ndinalakwa."

"Ndi mkazi wa kuti?"

"Wa ku Ndola. Dzina sindinam'funse."

Anzake a pantchito amanena kuti chaka chimenecho Pius sanapondeko ku Ndola. Anathira mchere m'kapu ya mankhwala anthu akuona, Felistus n'kumwa. M'mawa mwake, akum'patsa madzi osamba, Felistus anam'funsa:

"Atate ake Josephine, zimene munanena dzulo n'zoona?"

"Udzimwa mankhwalawo osadumphitsa," anayankha Pius. Sakanatha kunena zina, poopa kuti akatsutsa mawu ake mankhwala asukuluka.

Mankhwalawo sanathandize. Chakumayambiriro kwa 1945 chotupa chinaphulika n'kukhala chilonda, ndipo panalibenso wotsutsa zopita kuchipatala. Anachotsa bere lonse. Dokotala, kudzera mwa womasulira, ananena kuti nthendayo inali itafika kale m'khwapa, ndipo kuti akanabwera chotupacho chikadali chaching'ono akanakhala ndi chiyembekezo chachikulu. Anati palibenso china chimene angachite.

Mbiri ya kuvomera kwa Pius inali itapita kale kwa Kawaza ndi anthu obwerera kumudzi. Felistus atangotuluka m'chipatala, atsibweni ake, a Fidelis Mbewe, anafika ku Mindolo kudzatenga mbumba yawo. Pius anawagwadira pakhomo.

"Apongozi, sindinachite chimenecho. Ndinangonena kuti am'patse mankhwala."

"Ndiye munanama liti, a Sakala? Tsiku lija pamaso pa akuluakulu, kapena lero pamaso panga?"

Felistus anali atakhala pamphasa, atafunda nsalu mpaka m'khosi. Anati, "Atsibweni, ine ndikum'khulupirira." A Fidelis anayankha kuti wodwala saweruza mlandu, ndipo anamuuza kuti amange katundu. Pamwambo wa kwawo mwana ndi wa kuchikazi, motero Josephine anapita nawo.

Pamene tikulemba izi, mu March 1946, Felistus Njobvu ali moyo kwa Kawaza, koma sadzukanso pamphasa, ndipo mwana akuleredwa ndi mng'ono wake. Pius Sakala anachotsedwa m'nyumba ya apabanja, tsopano akugona ku nyumba za mbeta za amuna ku Mindolo. Wapempha tchuthi kuti akaone mkazi wake, koma akuchikazi atumiza mawu akuti asafike pamudzipo.