Kansalu ka Mayi Singano

Dzina loti Singano anampatsa ndi akazi anzake a kumpingo, chifukwa ndi wamtali, woonda, ndipo pamene wafuna kulowa amalowa ndithu. Ntchito yake ndi utelala. Makina ake amakhala pakhonde la nyumba ya lendi, pafupi ndi mpope, ndipo ana ake atatu amadya ndi kuphunzira chifukwa cha mapazi ake opalasa makinawo. Mwamuna wake anali dalaivala wa lole, koma chichitireni ngozi mwendo sunabwerere m'chimake. Apongozi ake amanena poyera kuti wofuna kunyoza mkazi ameneyu ayambe wathana ndi iwo, ndipo mpaka lero palibe anayesapo.

Loweruka lina mpingo unasonkhana mu holo kulongedza chakudya cha anthu amene njala yawagwira pakhosi. Matebulo anawayala mizere itatu. Uyu kuthira kapu ya mpunga m'kathumba ka pulasitiki, uyu soya, uyu supuni ya masamba ouma, uyo kuyeza pasikelo, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kunali makina amagetsi omatira kukamwa kwa kathumba. Aliyense anavala kachipewa kaukonde, ngakhale abusa ndi dazi lawo lija.

"Abusa, tsitsi lake liti loti ligwere mu mpunga?" anafunsa mayi wina, holo yonse n'kufa nako kuseka.

Singano anamuika pomata. Woyang'anira ntchito anali mphunzitsi wopuma, amene aliyense amangowatchula kuti Aphunzitsi, ndipo anali atalengeza kuti lole yonyamula makatoni ifika 3 koloko, sidikira munthu.

Mizere ina iwiri inkathamanga ngati madzi. Wa Singano unkakwawa. Kathumba kalikonse ankayamba wakapukuta kukamwa ndi kansalu kotsala posoka, kenako kumata, kukazondotsa, kukafinya pafupi ndi khutu. Timatumba tinaunjikana pachigongono pake mpaka woyeza pasikelo anapinda manja.

Aphunzitsi anafika akuloza wotchi. "Mayi, si diresi la ukwati limeneli. Matani, ponyani m'katoni, basi."

"Fumbi la soya likatsalira pamsoko, sikagwira, Aphunzitsi. Kamaoneka komata koma kamapuma."

"Kamapuma! Kathumba kali ndi mapapo? Anzanu adzaza makatoni makumi awiri mzere uliwonse, inu asanu ndi awiri. Ngati zakuvutani, kagwireni tsache, pano pabwere wina."

Singano anali ndi yankho, koma linali yankho limene analikwirira zaka zinayi. Chaka cha ngozi ija, makina ake osokera atawonongeka, ankayenda maola awiri kupita ku mpingo wina kutsidya kwa tauni kukaima pamzere wolandira timatumba ngati timeneti, kuopa kuti wa kwawo angamuone. Ankabwera nato atakulunga m'nsalu ngati zovala za makasitomala. Lamlungu ana ankafika kutchalitchi atasita, atadzola, ndipo palibe anadziwa kanthu.

Anayang'ana pakona, pamene mwamuna wake anakhala pampando, ndodo ili pambali, akumata makatoni ndi tepi. Chinsinsicho chinali cha onse awiri. Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu kamodzi movomereza.

Singano anapita pamzere woyandikana nawo, natola kathumba m'katoni yodzaza kale, n'kukafinya pafupi ndi tsaya la Aphunzitsi. Kampweya kanatuluka, fyoo, fumbi n'kuwathimbiriza magalasi.

"Kathumba kotere ndinakatsegulapo, Aphunzitsi. M'nyumba mwanga, osati mwa munthu wina. Kanali komaliza, madzi ali pamoto, ana atakhala pansi ndi mbale m'manja. M'kati munali chuku ndi anankafumbwe okhaokha. Wamng'ono uja anandifunsa kuti, 'Amayi, tingochotsa tizilomboto?' Amene anamata kathumbako anali munthu wabwino. Ankangothamangira lole."



"Zoona zimenezo," anatero mwamuna wake pakona paja. "Tsiku limenelo tinamwa madzi aja."

Aphunzitsi anavula magalasi, nawapukuta ndi taye kwa nthawi yaitali kuposa mmene fumbilo linkafunira. "Nanga bwanji simunatiuze nthawi imeneyo, mayi? Ife tinali pompano."

"N'chifukwa chake, munali pompano."

Mayi wa nthabwala uja anafika pafupi, namugwira Singano pamkono. "Iwe Singano, waboola pakulu lero. Tipatse kansaluko, nafenso tiphunzire."

Singano analuma kansalu kaja m'mphepete, nakang'amba patatu, mzere uliwonse chidutswa chake. Makatoni makumi anayi omata kale anawatsegulanso, ndipo anthu anaima kufinya timatumba kukhutu ngati akumvetsera wailesi yakutha mabatire. Topuma tinadzaza mabeseni awiri.

Lole inafika pa nthawi yake, dalaivala n'kuyamba kuliza hutala. Mwamuna wa Singano anatenga ndodo, natuluka akutsimphina kukacheza naye za matayala ndi misewu, monga amachitira madalaivala. Anamugwira ndi nkhani mpaka 5 koloko, pamene Aphunzitsi anabweretsa kathumba komaliza kwa Singano kuti akamvere yekha.