Kanyama kamene bambo anakana kudulidwa

Anthu ena ndikawauza nkhaniyi amati ndikuwonjezera, koma zinandichitikira ine ndemwe, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kwathu kwa Nthache alipobe amene angandichitire umboni.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati. Bambo anga anali ndi matenda aja oyabwa amene anavuta m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje. Ankadzikanda ndi chitsononkho mpaka kutuluka magazi, m'chiuno munali timibulu tolimba, ndipo maso anali atayamba kuchita chifunga. Mayi anali atamwalira, ndiye wowasamalira ndinali ine, mwana wawo wamkazi woyamba.

Tsiku lina achinyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo kuti aliyense apite kusukulu, kwabwera madokotala a kafukufuku. Tinapita, nanga wokana akanakhala ndani? Tinapeza alendo ovala zoyera atayala matebulo, ndipo munthu ukafika ankakutsitsa chovala pang'ono, n'kutukula khungu la pachiuno ndi singano, n'kudulapo kanyama ndi lezala, kanyamako n'kuika m'kabotolo. Mankhwala osapereka, mawu osalankhula, kungodula basi, wotsatira abwere. Inu, kwathu kuno munthu akakudula nyama n'kupita nayo timadziwa kuti akukapangira zizimba, ndiye mukuganiza kuti m'mitima mwathu munali zotani?

Bambo sanali munthu wamwano. Anavula chipewa, n'kuimika dzanja, n'kufunsa mwaulemu kuti tinyamati akupita nato kuti. Mlendo mmodzi anatembenuka ngati akufuna kuyankha, koma a tcheyamani a chipani anamudula mawu, n'kufunsa bambo ngati nzeru zawo zaposa za boma, ndipo anawonjezera kuti dzina lawo alisunga. Masiku amenewo mawu otero anali okwanira kuti munthu asowe. Mwamwayi nthawi inatha mzere usanatifike, ndipo otsalafe anatiuza kuti tibwere mawa.

M'mawa mwake bambo anandiuza kuti iwo sadulidwa, ndiponso sakhala pakhomo kudikira landirova ya apolisi, ndiwaperekeze kwa achemwali awo kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kufupi ndi Zobue. Ndinawakumbutsa za nkhondo, iwo anati mfuti munthu umaimva ikamalira, koma za kusukuluzo palibe akuzimvetsa. Tinadzera kanjira ka anthu ootcha makala, ine patsogolo nditagwira ndodo mbali ina, iwo mbali inayo, galu wathu akutitsata ngakhale ndinamugenda kuti abwerere.

Titadutsa malire tinayamba kuona minda yosalimidwa ndi nyumba zopanda madenga, popanda ngakhale nkhuku yolira. Galu uja anatipitirira n'kuthamangira kutsogolo. Zimene zinachitika mpaka lero sinditha kuzifotokoza bwino. Nthaka inadumpha, makutu anatseka, dothi linatigwera kumutu, ndipo pamene panali galu panali dzenje likufuka utsi. Linali bomba lokwirira pansi, pakanjira komweko kamene phazi langa linkapita.

Bambo ankangondiitana dzina, kufunsa ngati ndili moyo, poti iwo sankaona kanthu koma fumbi. Ndinawagwira mkono kuti asasunthe. Kutsogolo kunali imfa, kumbali sitinkadziwa, ndiye chotsala chinali kubwerera moponda momwe tinaponda pobwera. Koma munthu wosaona bwino angalondole bwanji mapazi ake? Ndinawabereka kumsana, bambo wondibala, chinthu chimene kwathu mwana wamkazi sachita. Pafumbi ndinkaona mapazi athu n'kumaikamo anga, koma paudzu panalibe chooneka, ndinkangoponda mtima uli m'mwamba kudikira kuphulika. Khosi langa linanyowa, ndipo poyamba ndinkayesa thukuta, kenako ndinazindikira kuti bambo akulira.

Tinafika kumudzi amoyo. Alendo aja anali atapita, landirova sinabwere konse, koma kuyambira pamenepo bambo akamva injini ankalowa m'nyumba, ndipo za kuchipatala anakaniratu. Maso aja anapitirira kuchita chifunga mpaka anatsekeratu. Sindinganene kuti akanadulidwa akanachira, ine si dokotala, koma ndikudziwa kuti mantha ndi amene anawatsekera njira ya kuchipatala nthawi imene ankaonabe.

Patapita zaka, za chipani chimodzi zitatha, kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mtsikana wamng'ono ndithu, ndi nkhani ya mankhwala a matenda omwewo. Uyu anatikhazika pansi odwala ndi owasamalira, n'kumatifunsa kuti tikufuna ndani azigawa mankhwalawo, mwezi uti umene sitikhala kumunda, ndiponso chimene tikuopa n'chiyani. Tinangoyang'anana, sitinazolowere kufunsidwa. Kenako ndinaona bambo, amene ndinawatsogolera ndi ndodo pobwera, akuvula chipewa n'kuimika dzanja. Anafunsa funso lomwe lija, loti tinyama tija alendo ankapita nato kuti.

Mtsikanayo sanakwiye. Anati kanyamako ankakaika m'timadzi tamchere, n'kuyang'ana pamakina ngati mukutuluka tinyongolotsi toyambitsa matendawo, akatero n'kukataya. Bambo anafunsa ngati yankho lonse linali lomwelo. Iye anati eya, linali lomwelo. Ine mkwiyo unandigwira, woposa mantha a tsiku la bomba lija.

Lero ndimakhulupirira kuti alendo aja sanali afiti, mwina anali ndi zolinga zabwino ndithu, koma anationa ngati ziuno zodulapo nyama, osati anthu oti n'kukambirana nawo. Ndiye inu amene mumabwera m'midzi ndi kafukufuku, yambani mwakhala pansi ndi odwala ndi amene amawasamalira, ndipo wina akaimika dzanja muyankheni. Bambo anga yankho lawo analimva, koma nkhope ya amene anawayankha sanaione.