Amayi Celestina Petulo, Ochapa Nsalu za Odwala

Bambo Mfumu anapempha kuti mbiri ya Amayi Celestina Petulo ilembedwe m'kalata ya parishi ino, ndipo ndi bwino kutero msanga, pakuti anthu amene anawadziwa akutha mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba.

Amayiwa anabadwa m'chaka cha 1922 m'banja la asodzi kugombe la nyanja. Sukulu sanapite nayo patali. Katekisimu anailoweza pamtima akuyanika usipa pathandala, ndipo anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Atakula anakwatiwa ndi a Petulo, msodzi wofatsa, nabereka ana awiri. M'chaka cha 1957 mwera unagubuduza bwato la a Petulo, mtembo wawo osapezeka. Chaka chotsatira chikuku chinatenga ana onse awiri m'mwezi umodzi. Anthu ankati basi, ameneyu tchalitchi wasiyana nacho. Ayi ndithu, Lamulungu lotsatira anali atagwada pamalo pawo pomwe paja, kolona ili m'manja.

M'chaka cha 1962 asisitere atatu ochokera kunja anamanga chipatala cha Veronika Woyera paphiri la kuseri kwa Chowe, chapafupi ndi msewu wa ku Katuli. Chinali chaching'ono, cha mabedi makumi awiri ndi chipinda chochirira amayi. Mkulu wawo, Sisitere Rosemary, analemba Amayi Celestina ntchito yochapa. Ha, kuchapa kwake! Nsalu za pabedi ankaziwiritsa mumgolo, kuzipaka sopo wamtanda, kuzitsukuluza katatu. Namwino akabweretsa nsalu yoti yangodetsedwa pang'ono, ingopindidwanso, iwo ankailanda. "Pansalupa mawa pagona Ambuye Yesu," ankatero. "Mufuna agone pathukuta la mnzawo?"

Nsaluzo ankaziyanika pamawaya kumapeto kwa phiri, ndipo zinkaoneka mbee kuchokera kumsewu ndi kumidzi yakutali. Posakhalitsa anthu anapanga chizolowezi chawo. Akakhala ndi wodwala ankayamba ayang'ana kuphiri. Nsalu zikaoneka, ndiye kuti asisitere alipo. Zikapanda kuoneka, monga sabata ija asisitere ankapita kum'bindikiro chaka ndi chaka, ankadziwa kuti angolunjika ku chipatala cha ku boma. Odwala ambiri anali Asilamu, ndipo palibe amene ankawafunsa za chipembedzo pakhomo.

Mavuto anayamba m'zaka zija za makhadi. Nkhani zimenezi sitizilankhula mokweza, choncho tingodutsapo. Anyamata ena anaima pachipata n'kumabweza odwala opanda khadi la chipani. Sisitere Rosemary anatuluka magolovesi ali m'manja nawauza kuti malungo safunsa khadi. Patangopita sabata, kunabwera kalata yowapatsa masiku awiri kuti achoke m'dziko muno. Asisitere awiri otsalawo analimbikira mpaka 1980. Anali atakalamba, mankhwala sankabweranso, ndipo kwawo kunalibe atsikana oti adzawalowe m'malo. Tsiku lochoka, mmodzi wa iwo, Sisitere Annie, anaika makiyi m'manja mwa Amayi Celestina, misozi ili chuchuchu.

"Tidzabweranso, amayi. Mutisamalire malo ano."

Mwina sisitereyo anangonena motonthoza, monga timachitira tonse potsanzikana. Koma Amayi Celestina anawatenga mawuwo ngati lumbiro la paguwa. Anamwino anabalalika, mlonda anapita kwawo, iwo anatsala okha. M'mawa uliwonse ankasesa bwalo, kutsegula mawindo, kuzula udzu. Lolemba lililonse ankachapa nsalu zimene palibe munthu anagonapo, n'kukaziyanika pamawaya paja.

A Simioni, katekisiti wathu, anawafunsapo. "Kodi amayi, mukuchapira ndani? Mizimu?"

"Inu a Simioni, mulibe manyazi? Akadzabwera adzapeze nsalu zonunkha nkhungu?"

A Simioni anangoseka n'kuwasiya. Onse apafupi ankadziwa kuti chipatala chinatsekedwa, ndipo ankati asiyeni, ndi ukalamba. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ansembe, amene anaganizira za anthu akutali. Zinatero kwa zaka zinayi.

Lolemba lina m'Januwale wa 1984, bambo wina wa kumalire, kupitirira Chiponde, dzina lake Atumani, anafika pamphambano ya kumunsi kwa phiri ndi abale ake atatu, atanyamula mkazi wake Amida pamachira. Mayiyo anali atavutika masiku awiri, mwana osabadwa. Mwamwayi panaima lole ya chimanga yopita ku boma, ndipo dalaivala anawauza kuti akwere. Atumani anakweza maso kuphiri, naona nsalu zili mbee. Mwana wake woyamba anabadwira komweko. Anathokoza dalaivala uja namuuza kuti azipita.

Anakwera phirilo m'matope kwa ola lathunthu. Pamwamba anapeza zii, gogo mmodzi yekha akufinya nsalu.

"Amawo, tiitanireni asisitere msanga!"

"Asisitere kulibe, bambo. Anapita kale."

"Nanga adokotala? Namwino?"

"Kulibe aliyense. Ndili ndekha."

Amayi Celestina anatsegula chipinda chochirira, nayala nsalu yoyera, namugoneka Amida. Anathamanga kukafufuza mankhwala m'makabati, koma munali mabotolo opanda kanthu. Mmodzi wa abale aja anatsikira kumsewu kukadikira galimoto ina, ndipo sinabwere. Amayi Celestina anangogwira dzanja la mayiyo, akunena Tikuoneni Maria, mwamuna wake akunena dua yake mbali inayo. Dzuwa litangopendeka, Amida anatsirizika, mwana ali m'mimba.

Atumani sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoima pakhomo nanena motsitsa mawu kuti, "Amawo, ife tinaona nsalu."

Amayi Celestina anatenga nsalu zatsopano zimene ankasungira tsiku lobwera asisitere, nazipereka kuti zikhale sanda, nsalu yokulungira mtembo. Loweruka anayenda wapansi kudzalapa. Zimene zinanenedwa m'kalapiro sitikuzidziwa, koma panja Bambo Mfumu anamveka akuwalimbitsa mtima kuti panalibe tchimo, popeza sanadziwe.

"Tchimo palibe, Bambo," iwo anayankha, "koma manda alipo."

Atabwerera anadula mawaya aja ndi manja awo. Nsalu zotsala anazigawa imodziimodzi pamaliro a anthu osauka, Akhristu ndi Asilamu omwe, mpaka zinatha. Tsache analisiya. Anaonerera udzu ukumera pabwalo limene anasesa okha zaka zinayi, chiswe chikudya zitseko, akuba akukanganula malata masana dzuwa likuswa mtengo. Zinkawapweteka kwambiri, moti ankadutsapo atayang'ana kumbali. Koma anafuna kuti malowo azioneka akufa, kuti asanamizenso munthu wina.

Ndipo anadzipatsa ntchito ina. M'mawa uliwonse akatha mapemphero ankatsikira pamphambano paja ndi kampando kawo, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Akaona anthu onyamula wodwala, kaya pamachira kaya panjinga, ankadzuka. "Musakwere kumtundaku, kulibe chipatala. Chinatsekedwa. Dikirani galimoto pompano." Lole ikamabwera ankaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba, ndipo madalaivala ankawatukwana, koma ankaima. Tangoganizani, munthu amene ankati "adzabwera" tsiku ndi tsiku, tsopano pakamwa pake pomwepo pazituluka "chinatsekedwa" kwa zaka zisanu ndi ziwiri!

A Simioni anawalembera makalata anayi opita kwa asisitere. Yankho silinabwere. Tsiku lina anawafunsa ngati akukhulupirirabe kuti chipatala chidzatsegulidwa.

"Ndimapempherabe," anatero. "Koma munthu wonyamula wodwala sindingamuuze kuti adikire pemphero langa."

M'mwezi wa Juni chaka chino cha 1991, chifuwa chinawagoneka. Anakana kuti awatengere ku chipatala cha ku boma, nati bedi limenelo lithandize wina amene angachire. Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Lachisanu m'mawa anaitanitsa a Simioni.

"Pamphambano pali ndani?"

"Palibe, amayi."

"Mukakhalepo inu. Wina angakwere."

A Simioni analonjeza. Amayi Celestina anatseka maso, milomo ikugwedezeka ndi pemphero, ndipo anapita mwakachetechete ngati munthu wogona atatopa ndi ntchito. Anatisiyira chitsanzo chovuta kutsata, cha kutaya ngakhale chimene ukuchiyembekezera kwa Mulungu ngati chikuika mnzako pangozi. Ambuye awapatse mpumulo wosatha.

Maliro atatha, a Simioni anasunga lonjezo. Anakhala pansi pa mtengo uja masabata atatu. Odwala ankadutsa, koma palibe amene anayang'ana kuphiri, palibe amene anafunsa njira. Tsiku lomaliza mayi wina wachitsikana, mwana ali kumsana, anawafunsa chimene ankadikira pamenepo. Iwo anati ankachenjeza anthu kuti chipatala cha kumtundako chinatsekedwa.

Mayiyo anayang'ana tchire la paphiri, kenako anayang'ana a Simioni.

"Kodi kumeneko kunali chipatala?"

A Simioni ananyamula kampando kaja n'kubwerera kunyumba.